Jelo wa Namagalasi ndi Mawondo a Apongozi

Inu, tamverani, ndipo amene akufuna kuseka asekeretu panopa, chifukwa ndikaiyamba nkhaniyi sindifuna wondidula pakamwa. Mukundiona chonchi, ine ndagwira ntchito mu labotale zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Kuntchitoko amanditcha wothandizira: kutsuka mabotolo, kuyeza zinthu pa sikelo, kuyatsa makina, kuzimitsa makina. Koma kumene ndimakhala, chiyambire tsiku limene ndinaiwala kuvula chijasi choyera n'kufika nacho kunyumba, aliyense amanditcha Pulofesa. Tsiku loyambalo ndinaiwaladi. Masiku enawo, eee, tisanamizane, ndinkaiwala dala.

Mu labotale mwathumo wamkulu ndi Adokotala, mayi wamfupi woyankhula motsitsa. Akatsitsa mawu kwambiri, iwe yambiratu kulongedza. Ndiye panali wophunzira wawo mmodzi wa digiri yapamwamba ija, tinkamutcha Namagalasi chifukwa magalasi ake ankaoneka poyamba, mwiniwake n'kumabwera pambuyo. Mwana waulemu, inu! Ine ankanditcha amalume, ndipo akanditero mtima wanga unkachita kusungunuka.

Ntchito yake inali yopanga jelo kuchokera ku mitengo. Musandiyang'ane choncho, sindinamwe! Amatenga zamkati za mtengo, n'kuzipera, n'kuziperanso, mpaka ulusi wake kuchepa moti diso silingauone. Ulusi umenewu amautcha selulozi. Mukauthira pang'ono chabe m'madzi, madziwo amagwirana n'kukhala jelo woonekera mkati, ngati wopaka m'tsitsi uja. Mukazondotsa botolo, jeloyo amangokhala phee kumwambako, osagwa.

Tsono Namagalasi ankathiramo chinthu china, puloteni wochokera ku bowa amene amadya mitengo yowola. Tsiku lina ndinamufunsa kuti puloteniyo ntchito yake n'chiyani.

"Amalume, puloteni ameneyu ali ndi manja awiri," anatero akutambasula manja ake. "Akaona ulusi wa selulozi amaukakamira. Dzanja ili agwira ulusi uwu, dzanja ili agwira ulusi uwo. Funso langa ndi lakuti, akagwira choncho jeloyo amalimba? Kapena amangoukuta ulusiwo n'kumauchititsa kuterera?"

"Ndiye yankho lake?"

"Amalume, ndicho ndakhalira pano zaka zitatu."

Zaka zitatu! Mwana wake wamng'ono anamusiya ndi mwamuna wake ku tauni ina, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, ankangomuona pa foni. Puloteni yekhayo anamutengera miyezi isanu ndi itatu kuti amupange, ndipo zonse zimene anapeza sizikanadzaza supuni ya tiyi. Yense anamuthira m'timabotolo tisanu ndi kamodzi, tina tisanu ndi kamodzi n'kutisiya topanda puloteni kuti azifanizira. Buku la kafukufuku wakeyo linkafunika pamapeto a mwezi womwewo. Akanaphonya, ndiye kuti chaka china chathunthu, mwana n'kumakulira pa foni.

Lolemba m'mawa foni yake inalira, akuti mwana watentha thupi. Namagalasi anangoti balamanthu, chikwama kale paphewa.

"Amalume, ndibwera Lachinayi. Timabotolo tonse ndandandalika patebulopa. Takumanzereti tili ndi puloteni, takumanjati tilibe. Mumate malebulo aja osachoka mufiriji, mukatenge kusitolo ya pamwamba, kenako mutiike mufiriji. Chonde, amalume."

"Pita mwana wanga, kaone mwana. Ntchito ngati imeneyi ndinayamba kuigwira iwe usanadziwe kumanga nsapato."

Tsono inu, sitolo imeneyi ili pa nsanjika yachisanu, chikepe chinafa kalekale, ndipo mkulu wa kusitoloko safuna kukupatsa ngakhale pini popanda fomu yosainidwa ndi anthu awiri. Ine ndinayang'ana masitepe, masitepe anandiyang'ana. M'dirowa mwanga munali kalendala ya chaka chatha yoyera kumbuyo, ndi guluu wa muofesi. Ine ndine munthu wosataya chinthu, aliyense amadziwa, ngakhale chingwe cha nsapato chikaduka ndimachisunga. Ndinadula timapepala khumi ndi tiwiri tofanana bwinobwino, n'kulemba ndi dzanja langa lokongola lija, lomwe aphunzitsi ankalionetsa kalasi yonse. Nditamata ndinabwerera m'mbuyo n'kumasirira ndekha.

Nditaika mufiriji, ndinaona kuti chitini changa cha chakudya chamasana chikusowa malo. Lamulo limaletsa chakudya mufiriji imeneyo, koma lamulo silinadyepo chakudya chosasa. Ndiye ndinasuntha timabotolo, aka uku, aka uko, kena kumbuyo, kena pakhomo. Vuto linali pati, poti malebulo analipo?

Lachiwiri m'mawa ndinatsegula firiji ndikuimba kanyimbo. Nyimbo inathera pakhosi. Timabotolo tonse tinali titachita thukuta, tili mbulanda, ndipo timapepala tanga tonse khumi ndi tiwiri tinali titagwera pansi pa firiji, titamatana pamodzi, inki itasungunuka. Inu, ndinatseka chitseko. Ndinawerenga mpaka khumi. Ndinatsegulanso, poganiza kuti mwina firiji isintha maganizo. Ayi ndithu.

Munthu wanzeru akanatenga foni pomwepo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Koma ndimuimbire mwana amene ali kuchipatala ndi mwana wake, ndimuuze kuti amalume aja, Pulofesa wa m'dera lonse, agonja ndi guluu? Ndinati ayi, ndizipeza ndekha, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi si masewera.

Ndinayamba ndi kuzondotsa. Kabotolo koyamba, jelo phee. Kachiwiri, phee. Mpaka ka nambala khumi ndi awiri, tonse phee, ngati tinapangana. Ndinatiunika padzuwa, tonse toyera mofanana. Ndinanunkhiza, kunalibe fungo. Pamenepo nzeru ina inandibwerera, ya mtundu uja umabwera munthu ukasowa mtengo wogwira. Ndinati puloteni ndi puloteni, amapezeka mu nyama, amapezeka m'mazira, ndiye lilime silingamuphonye. Ndinatenga kamtengo kotokosera m'mano, n'kutapa kadontho, n'kuika palilime.

Chitseko chinatseguka. Adokotala.

"Bambo, timabotolo ta mwana uja tili bwino?"

"Mmm," ndinatero, milomo ili tsekee.

"Mwatani pakamwa?"

"Mmm, mmm." Ndinaloza tsaya.

"Dzino? Musalilekerere. Madzulo ano muweruke msanga mukapume."

Atatuluka ndinameza. Kukoma kwake, ngati mukufuna kudziwa, kuli ngati kutafuna envelopu yonyowa. Ndinalawa timabotolo titatu, envelopu yokhayokha, ndipo ndinasiyira pomwepo.

Apa m'pamene ndinakumbukira mayi a kunyumba. Mkazi wanga ali ndi saluni pakhonde pathu, ndipo amadzitama kuti jelo aliyense akangomugwira ndi zala ziwiri amadziwa ngati ndi weniweni kapena wothiridwa madzi. Ndinati mutu umodzi susenza denga. Popeza Adokotala anali atandipatsa okha chilolezo cha dzino, ndinalongedza timabotolo tonse m'katoni, n'kutchinga ndi manyuzipepala, n'kutuluka ndi chitseko chakumbuyo.

Basi ndinaipeza yodzaza, malo otsala anali mpando wakumbuyo kwenikweni, pamwamba pa tayala. Msewu wa kwathu mukuudziwa mtundu wake, uja woti maenje ndi ambiri kuposa msewu. Dalaivala naye ankayendetsa ngati wasiya mkaka pamoto. Tikalowa m'dzenje, katoni m'mwamba, ine m'mwamba, tikakumana pansi.

Pambali panga panali mayi wina wonenepa bwino, maso ake ali pa katoni.

"Bambo, mwanyamula chiyani chikulira ngelengele?"

"Zasayansi, mayi. Simungazimve."

"Tayesani, mwina ndimva."

Mtima wodzionetsa uja unandigwira. Ndinati dikirani ndikuonetseni chodabwitsa, madzi osagwa. Ndinatulutsa kabotolo kamodzi, anthu a mipando itatu atatembenuka, kondakitala nayenso wasiya ntchito yake. Ndinakakweza m'mwamba, n'kukazondotsa mwaulemerero.

Khuthuu! Zonse zinatsikira ku chivindikiro ngati madzi apampopi.

"Ndiye chodabwitsa chili pati?" anafunsa mayi uja.

"Akuti madzi akazondotsedwa amatsika," anatero kondakitala. "Sayansi yapita patali, abale."

Basi yonse inafa ndi phwete. Ine sindinaseke. Ndinatulutsa kachiwiri, madzi. Kachitatu, madzi. Tonse khumi ndi tiwiri tinali titasungunuka.  Zaka zitatu za mwana wa eni ake, ine ndazisandutsa madzi pa ulendo umodzi wa basi! Mkulu wina wa chipewa anandisisita paphewa n'kunena kuti ngati ndi madzi odalitsidwa ndimugaireko, ali ndi mlandu kukhoti.

Ndinafika kunyumba miyendo ikukokedwa. Mayi a kunyumba anali pakhonde, atangomaliza kupaka kasitomala mankhwala owongola tsitsi. Ndinawakodola, tinalowa m'nyumba, ndinandandalika timabotolo patebulo n'kufotokoza zonse, kuyambira kalendala mpaka kondakitala. Nditamaliza anandifunsa:

"Bambo a ana, masitepe asanu okha?"

"Nsanjika zisanu, mayi. Masitepe ndi ambiri."

"Ndiye mukufuna ndigwire chiyani ndi zala zanga? Awa ndi madzi. Madzi ndimawadziwa kale."

"Nanga titathiramo sitachi pang'ono? Kapena ufa uja wopangira jele wa ana?"

"Mukathiramo chinthu m'timabotolo timeneti, ine ndikakunenezani ndekha kwa Adokotala. Khalani pansi. Kasitomala wanga apsa m'mutu."

Kukhala pansi ndinalephera. Ndinatuluka, ndinazungulira nyumba, ndinakafika mpaka kumsewu, ndikukonza mawu oti ndikanene Lachinayi. Ndinayesa akuti magetsi anazima, ndinayesa akuti kunabwera mbava zokonda malebulo. Pobwerera ndinapeza mkazi wanga waima pakhomo, thaulo paphewa.

"Pulofesa, tabwerani mudzaone ana anu."

Anatenga kabotolo kamodzi n'kukazondotsa. Phee! Jelo ali kumwamba, osagwa. Kena, phee. Timabotolo tisanu ndi kamodzi tinali titagwirananso, tina tisanu ndi kamodzi tikadali madzi.

"Ndinalowa kudzatenga thaulo nditangomutsuka kasitomala," anatero. "Mankhwala aja ndimawasiya m'mutu mphindi makumi awiri, osapitirira. Ndiye pofika nthawi imeneyo awa anali atalimba kale."

Inu, ndinavina. Munthu wamkulu, wa ana anayi, ndinavina pabalaza mpaka kapu inagwa pa shelefu. Sikisi uku, sikisi uko! Timabotolo tadzigawa tokha! Ndinatenga utoto wofiira wopaka zikhadabo wa mkazi wanga, n'kudontheza pa chivindikiro cha kalikonse kolimba msanga. Utoto umenewo suchoka ngakhale mufiriji, ndinauyesa ndi chikhadabo. Tina tija tinadzalimbanso patapita maola awiri, koma ndisathamange, chifukwa pakati apa pali apongozi.

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ndinatuluka pakhonde kukauza kasitomala uja, amene sanandifunse n'komwe, mmene sayansi imayendera. Ndinakamba mwina mphindi khumi. Polowanso m'nyumba ndinawerenga timabotolo patebulo: khumi ndi kamodzi. Ndinawerenganso kuyambira mbali inayo: khumi ndi kamodzi.

Apongozi anga, mayi a mkazi wanga, anali atabwera kudzakhala nafe mwezi umenewo chifukwa cha mawondo. Ndinawapeza pampando wawo wa pakona, miyendo atatambasula pa kampando kena, mawondo onse awiri akunyezimira ngati mabanzi opaka mafuta. M'manja mwawo munali kabotolo ka kadontho kofiira, katatsala theka.

"Apongozi, Mulungu akudalitseni," anatero. "Zaka zonsezi mukugwira ntchito ya mankhwala, lero mwandikumbukira. Akuzizira bwino bwanji!"

Tsono ndiuzeni, apongozi mungawakalipire? Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ndinagwira manja kumbuyo, n'kumwetulira kumwetulira kwa munthu amene waponda minga pamaso pa alendo.

"Zikomo amayi. Kungoti mankhwalawo, eee, sapaka ambiri."

"Ndapaka pang'ono. Enawa ndipaka mawa."

Ndinathamangira kwa mkazi wanga kukanong'ona kuti akalande. Iye anapita, anakambirana nawo za nyengo, za mitengo ya sopo, za mwana wa achimwene awo, kenako anabwera nako kabotolo atakasinthanitsa ndi mafuta a m'saluni. Apongozi anaimirira n'kuyenda mpaka kukhomo popanda ndodo, akulengeza kuti mawondo apola. Mpaka lero amakhulupirira choncho, ndipo ine sinditsutsana nawo.

Kabotolo ka theka kanandisowetsa mtendere. Namagalasi akangokaona adzafunsa. Mkazi wanga atapita kukaperekeza kasitomala, ndinaona chibotolo cha jelo wa m'saluni pawindo, woyera, woonekera mkati, wofanana ndendende. Ndikudziwa, ndikudziwa, musandiuze. Ndinatapa masupuni awiri n'kudzazitsa. Pamaso palibe akanasiyanitsa.

Lachitatu basi sindinaiyandikire. Ndinayenda wapansi, katoni ndainyamula patsogolo ndi manja awiri ngati keke ya ukwati, phazi lililonse ndikuliika pansi mopepesa. Ulendo wa maola awiri! Anthu akundipatsa moni, ine ndikuyankha ndi nsidze zokha. Galu wina ananditsatira kuyambira pa sitolo ya matayala mpaka pa mlatho, mwina ankaganiza kuti ndi maliro a mnzake. Ndikufika pageti la kuntchito, malaya atamatirira kumsana, galimoto ya Adokotala nayonso ikulowa. Anatsitsa galasi.

"Dzino lili bwanji, bambo?"

"Lapola, Adokotala."

"Nanga m'katonimo?"

"Mazira."

"Oo, mwayamba kuweta nkhuku? Mundisiyireko anayi pa desiki."

Ndiye ine, munthu wopanda ngakhale nthenga ya nkhuku pakhomo, nditabisa timabotolo mufiriji ndinathamanganso kugolosale kukasaka mazira anayi. Ndinasankha akuda pang'ono kuti aoneke a pakhomo. Kuchokera apo ndinakwera nsanjika zisanu zija, ndinasainitsa fomu kwa anthu awiri, ndinalandira malebulo enieni. Zonsezo zinanditengera mphindi khumi ndi zisanu zokha, ndipo zimenezi zinandipweteka kuposa ulendo wapansi uja.

Linatsala funso limodzi. Magulu awiri ndinali nawo, ofiira olimba msanga ndi enawo ochedwa. Koma puloteni ali gulu liti? Namagalasi mwiniwake anati mwina amalimbitsa, mwina amatereretsa. Ndinakhala pa kampando, chibwano m'manja, n'kuganiza ngati Pulofesa. Ndinati puloteni ameneyu ndi mlendo m'botolomo. Nanga mlendo akabwera pakhomo zinthu zimafulumira? Chibwerereni apongozi, kubafa timachita kudikirira, tiyi amachedwa, ana amachedwa kusukulu. Mlendo amachedwetsa zinthu. Basi, ochedwawo ndiwo a puloteni! Ndinalemba malebulo, ndinamata, ndinadzigwira chanza ndekha.

Lachinayi Namagalasi anafika molunjika kuchokera kudepoti, maso ali ofiira ndi tulo, koma akumwetulira. Mwana anali atachira.

"Amalume, mwandisungira bwino ana anga?"

"Ngati mazira," ndinatero, ndipo mawu amenewo anandiwawa pakamwa.

Anatulutsa timabotolo, anayamikira malebulo, anafunsa za timadontho tofiira, ine ndinati ndi kalembedwe kanga kachikale. Anayamba kutsegula kamodzikamodzi. Atafika pa kachisanu anaima. Ananunkhiza. Ananunkhizanso. Fungo la kokonati linadzaza labotale yonse, inu, ngati talowa m'saluni Loweruka.

Ndinadikira kuti andiyang'ane. Sanandiyang'ane. Anayang'ana manja ake, n'kuwanunkhiza, kenako anakhala pansi pang'onopang'ono n'kuvula magalasi aja.

"Ndi ine," anatero motsitsa. "Mafuta anga odzola ndi a kokonati. Lolemba lija ndinali ndi changu, mwina sindinavale magolovesi. Ngati kalowa aka, ndiye kuti tonse ndatiwononga. Amalume, ndamuuza mwana wanga dzulo kuti mwezi wamawa ndibwera osabwereranso."

Misozi inayamba kutsika. Inu, ine ndachitapo zinthu zambiri zopusa pa moyo wanga, koma kuimirira n'kumaonerera mwana akudziimba mlandu wanga, zimenezo zinandikanika. Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo chibadwire. Ndinavula chijasi choyera, n'kuchipinda, n'kuchiika patebulo.

"Mwana wanga, pukuta misozi. Manja ako alibe mlandu. Kokonatiyo ndi wa mkazi wanga."

Ndinafotokoza zonse. Kalendala, guluu, chitini cha chakudya, kamtengo ka m'mano, basi, mawondo a apongozi, masupuni awiri, mpaka nzeru zanga za mlendo. Sindinasiye kanthu, ngakhale galu ndinamutchula.  Nditamaliza anavala magalasi, anaimirira, anandipempha kiyi, anatsegula kabati imene ndimaipukuta fumbi Lachisanu lililonse, n'kutulutsa botolo la mankhwala ofiirira.

Anadontheza mankhwalawo m'timachubu khumi ndi tiwiri, n'kuikamo kachidutswa ka jelo wa kabotolo kalikonse. Tisanathe n'kupuma komwe, timachubu tina tinasanduka tabuluu, tina tinakhala momwemo.

"Kabuluu ndiye kuti muli puloteni," anatero. "Mphindi zisanu, amalume. Mukanangondiimbira."

Mphindi zisanu! Ine ndadya envelopu, ndasekedwa ndi basi yathunthu, ndayenda ndi galu, ndagula mazira a nkhuku zimene ndilibe, yankho lili m'kabati imene kiyi wake amakhala m'thumba mwanga! Ndipo tabuluuto tinali ta madontho ofiira, tolimba msanga tija. Malebulo anga onse khumi ndi awiri anali onama. Akanapanda kokonati, mwana uja akanalemba buku lonse chozondoka n'kukaliimirira pamaso pa oyesa mayeso. Nditaganiza zimenezo ndinakhala pa ndowa.

"Ndiye mwati aka kokha ndi kamene munathiramo za m'saluni?"

"Kokhako. Ndikulumbira."

"Tisanu tatsala tikwana." Kenako anatembenuka msangamsanga. "Amalume, bwerezani za basi zija. Tonse tinasungunuka?"

"Tonse."

"Zimenezo n'zodziwika, jelo wa selulozi ukamugwedeza amasungunuka, ukamusiya amagwirananso. Koma mwati tofiira tinalimba msanga? Msanga bwanji?"

"Mphindi makumi awiri. Enawo maola awiri."

"Munayeza ndi chiyani?"

"Ndi mutu wa kasitomala."

Anatuluka chothamanga, n'kubwera ndi Adokotala. Ine ndinaimirira, ndikudziwa kuti yanga yatha. Namagalasi anafotokoza mofulumira, manja ali m'mwamba, kuti puloteni uja akuoneka kuti akagwira ulusi uku ndi uku amathandiza jelo kubwerera msanga akasokonezedwa, chinthu chimene iye sanaganize zoyeza chifukwa makina ogwedezera anafa chaka chatha ndipo chitsulo chake sichinabwerebe. Adokotala anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anandiyang'ana, n'kutsitsa mawu mpaka ndinachita kuweramira kuti ndimve.

"Bambo, mazira aja anali a m'golosale. Anali ndi chidindo."

"Inde, Adokotala."

"Za kalata yochenjeza tikambirana mawa, ndipo muilandira. Chakudya chanu chikapezekanso mufiriji ija, mudzachidyera kunja kwa geti. Koma panopa valani chijasicho. Zimene mwaonazo zachitika kamodzi, ndipo chochitika kamodzi ndi mphekesera. Tikufuna katatu. Basi yomweyo, msewu womwewo, mpando womwewo wa pa tayala."

"Ine, Adokotala?"

"Muli ndi makina ena ogwedezera?"

Ndiye sabata imeneyo anthu anaona zachilendo. Pulofesa pampando wakumbuyo, katoni pamiyendo, foni yoyeza kugwedezeka atandimangirira pa katoniyo, Namagalasi pambali ndi wotchi ndi kope. Basi ikafika pamalo abwino dalaivala n'kuchepetsa liwiro, Namagalasi ankakuwa kuti, "Adalaivala, m'maenjemo!" Kondakitala uja anafika pozolowera, akationa ankangoti, "Asayansi afika, apatseni tayala lawo." Ulendo wachitatu msana wanga unali utasungunuka kuposa jelo, ndipo wanga sunabwerere m'mphindi makumi awiri. Koma katatu konse tofiira tinalimba msanga. Chitsulo cha makina chinadzafika patatsala masiku anayi kuti buku liperekedwe, makinawo n'kungovomereza zimene msana wanga unanena kale.

Namagalasi anapereka buku lake tsiku lake lenileni, ndipo anakhoza. Tsiku lonyamuka kupita kwa mwana wake anabwera ndi bukulo, lachikuto cholimba, zilembo zagolide, n'kundikumbatira mpaka magalasi anapindika.

"Amalume, dzina lanu lilimo."

 Ndinapukuta manja pa chijasi, n'kutsegula tsamba loyamba, pamene pamakhala maina a akatswiri. Panalibe. Ndinapita pa tsamba la mathokozo. Panali Adokotala, mwamuna wake, mwana wake, ndi mayi a kunyumba kwanga, "chifukwa chosunga nthawi molondola". Ine ayi.

"Pitirirani, amalume. Tsamba makumi anayi ndi chiwiri."

Ndinalipeza. Dzina langa lonse, losalakwika ngakhale chilembo chimodzi, pa mndandanda wa zipangizo zimene zinagwiritsidwa ntchito, pakati pa firiji ndi sikelo.

Sekani, sekani, mwamaliza? Ine sindidandaula. Sikeloyo yakhala mu labotale muja zaka zambiri kuposa ine, sinalakwitsepo kanthu, koma anailemba pansi panga.